Achemwali, kwerani sitimayo mupite ku Cobh

Imelo yanu yakhala m'foni mwanga masiku asanu ndi limodzi. Ndaiwerenga mwina kakhumi, m'basi, pa nthawi yopuma kuntchito, usiku tulo titakana kubwera, ndipo nthawi zonse ndikafika pa mzere womaliza ndimangotseka foni. Mwati muli ku Dublin chaka chachitatu, mumasamalira okalamba, mwapeza masiku atatu opuma, mwasungako mayuro 200, ndiye mukufuna kukaona mzinda wa Cork ndi tauni ya padoko ya Cobh, kumwera kwa Ireland. Mwafunsa koyambira ndi zokaona. Zimenezo n'zosavuta. Koma kumapeto mwalemba kuti, "Kodi si kudzikonda kumeneku, pomwe fizi ya mng'ono wanga kumudzi sinathe?" Mawu amenewa ndi amene anditsamwa, chifukwa ineyo ndinawanena zaka zinayi zathunthu, ndipo anandilanda chinthu chimene sindidzachipezanso.

Mundilole ndiyambe ndi bambo anga.

Kwathu ndi ku Ntcheu, chakumtunda ku Tsangano, kumene chisanu cha mu June chimang'amba milomo ndipo pafupifupi khomo lililonse limalima mbatata ya kachewere. Bambo anailima moyo wawo onse. Matumba a mbatata ndi amene anandilipirira sukulu kuyambira fomu wani mpaka kumaliza. Tsiku limene ndinawauza kuti ndapeza mwayi wopita ku Ireland anakhala kaye chete, kenako anati, "Ndiye ukupita kwawo kwa mbatatayi?" Pamsika aliyense amangoti ayirishi, ndiye iwo ankaona ngati ndikupita kwa abale awo a khasu. Nditafika kuno, foni iliyonse inkatha ndi mafunso omwewo. "Minda yawo waiona? Amaunga mizere ngati ife? Nanga nyanja yamchere ija wafikako?" Ine yankho langa linali limodzi. "Ndidzapita, ababa, panopa ntchito yachuluka."

Ntchito inalidi yochuluka, koma chimene chinkandiletsa ndi manyazi. Ndinkati ndikaona mtengo wa tikiti ya sitima, mutu wanga unkausandutsa makwacha pompo, makwachawo n'kusanduka thumba la feteleza, ndiye ndinkadzifunsa kuti ndine ndani ine wokwera thumba la feteleza kukaona madzi. Dziko langa lonse linali chipinda chimene tinkagona awiri, mabasi awiri opita kuntchito, shopu yotchipa ya pakona, tchalitchi Lamlungu ngati ndilibe shifiti, ndi foni. Zaka zinayi ndili pa chilumba, nyanja ndinkangoiona pawindo la basi ngati kamzere kotuwa patali. Munthu akanandifunsa kuti Ireland ndi dziko lotani, ndikanamufotokozera makonde a nyumba ya okalamba, fungo la mankhwala okolopera, ndi nyali za mumsewu za 6 koloko m'mawa.

Bambo anamwalira mu February, chaka changa chachinayi. Mapepala anga okhalira kuno anali asanatuluke, kunyamuka kukanatanthauza kusabwereranso, ndipo abale onse anagwirizana kuti ndikhale, nditumize ndalama ya bokosi ndi chakudya cha pamaliro. Ndinatumiza. Maliro ndinawaonera pa WhatsApp, msuweni wanga atagwira foni m'mwamba, netiweki ikudukaduka, nyimbo ya azimayi ikufika zidutswazidutswa. Pamene amatsitsa bokosi chithunzi chinaima, ndipo chitayambanso kuyenda anali akukwirira kale. Usiku umenewo zimene zinkandizungulira m'mutu ndi mafunso awo aja. Munthu anandipempha kanthu kamodzi kokha kosafuna Western Union, kuti ndikamuonere dziko ndidzamuuze, ndipo ndinakanika.

Amene ananditumiza ku Cobh ndi agogo ena amene ndinkawasamalira, obadwira ku Cork, a zaka zoposa 80. Anandiona maso otupa m'mawa ndikuwapesa tsitsi, ndipo nditawauza anagwira mkono wanga nthawi yaitali. Kenako anandiuza kuti azichimwene awo awiri anakwera sitima yapamadzi ku Cobh m'zaka za m'ma 1950 kupita ku America, ndipo mmodzi sanabwere ngakhale pa maliro a mayi awo, anangotumiza kalata muli madola. Anati banja lonse linamuweruza zaka zambiri, koma iwo atakula anazindikira kuti madola aja ndi amene anafolera nyumba. Anandiuza kuti ndipite ndikaime padoko pamene anaima azichimwene awo. Anandiphunzitsanso katchulidwe kake: amalemba Cobh koma amati "Kov".

Ndinapita mu May. Kuchokera pa siteshoni ya Kent ku Cork, kasitima kake kamayenda mphindi ngati 25, ndipo mbali yaikulu ya njirayo madzi amakhala pafupi ndi njanji moti umaona mbalame zikutolatola m'matope madzi akaphwa. Sitima imathera pa doko penipeni. Ukangotuluka, mphepo yamchere imakumenya kumaso, ndipo ukakweza mutu umaona tauni yonse itakwera phiri, nyumba zopaka utoto wosiyanasiyana zitasanjikizana, pamwamba pa zonse tchalitchi chachikulu cha St Colman chitaloza kumwamba.

Pafupi pomwepo pali chiboliboli cha mtsikana ndi anyamata awiri. Ndi Annie Moore ndi alongo ake, Anthony ndi Philip. Ananyamuka pano mu December 1891 kutsatira makolo awo amene anali atatsogola kale, ndipo pa 1 January 1892 Annie anakhala munthu woyamba kulembedwa pa Ellis Island, malo atsopano olandirira obwera ku New York. Anamupatsa khobidi lagolide la madola 10. Anali ndi zaka 17. Mmodzi wa anyamatawo akuloza kunyanja, koma Annie watembenuza nkhope kuyang'ana kumtunda kumene akuchoka. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali chifukwa kayang'anidwe kameneko ndimakadziwa. Ndi mmene ndinayang'anira pa bwalo la ndege ku Lumbadzi, thupi likupita kutsogolo, khosi litapindikira kwa amayi. Pambuyo pake ndinadzamva kuti moyo wake ku America unali wovutikira: anakhala m'dera la osauka ku New York, anaika m'manda ana ake angapo, anamwalira mu 1924, ndipo manda ake anakhala zaka zambirimbiri opanda mwala. Tsiku loyamba kulandiridwa ndi golide, masiku otsalawo lendi, matenda ndi ntchito. Aliyense wa ife amene anatsika ndege akumwetulira amaidziwa nkhaniyi popanda womufotokozera.

M'nyumba yakale ya siteshoni muli malo osonyezera mbiri ya tauniyi, Cobh Heritage Centre. Mmenemo ndi mmene ndinawerenga chiwerengero chimene sichinandichokebe m'mutu: pakati pa 1848 ndi 1950 anthu oposa 6 miliyoni anachoka mu Ireland, ndipo pafupifupi 2.5 miliyoni mwa iwo anakwerera sitima pa doko limeneli. Tauni yaing'ono chonchi, yoti umaimaliza ndi miyendo masana amodzi. Zaka zambiri za nthawi imeneyo inkatchedwa Queenstown, dzina limene inapatsidwa mu 1849 Mfumukazi Victoria itabwera kudzacheza, mpaka eni dziko anadzalichotsa pa nthawi yomenyera ufulu wawo. Anali ndi mwambo wina umene unandiliza. Usiku woti mwana anyamuka mawa, mudzi unkasonkhana kunyumba kwawo, kuimba, kuvina, kulira mpaka kucha, ndipo ankautcha American wake, kunena kuti kugona pa maliro a munthu wamoyo, chifukwa onse ankadziwa kuti sadzamuonanso. Ife timati munthu watchona. Iwo ankamulira asanatchone n'komwe.

Tsono nkhani ya mbatata ija, imene ndikanakonda kuwauza bambo. Mbatatayi kwawo kwenikweni ndi ku mapiri a South America. Ku Ireland inachita kubwera, monga mmene chimanga chinabwerera kwathu. Koma osauka a kuno anaigwira ndi manja awiri chifukwa kamunda kakang'ono kankadyetsa banja lonse, pomwe minda yaikulu yachonde inali m'manja mwa eni malo olemera, ambiri a iwo okhala ku England. Anthu mamiliyoni ankadya mbatata m'mawa, masana ndi madzulo, ndipo ambiri ankabzala mtundu umodzi wokha. Mu 1845 kunagwa chiwawu, chomwechi chimene chimadetsa masamba a mbatata ndi tomato kwathu mvula ikachuluka. Mbatata inkaolera m'nthaka, kukumba n'kupeza phala lakuda lonunkha. Chaka chotsatira zinafika poipitsitsa. Pofika cha m'ma 1852 anthu pafupifupi 1 miliyoni anali atafa ndi njala ndi matenda otsatira njala, ndipo enanso ochuluka chimodzimodzi anali atathawa. Kalembera wa 1841 anapeza anthu oposa 8 miliyoni pa chilumbachi. Mpaka lero chiwerengero chimenecho sichinabwerere.

Ndipo chakudya chinalimo m'dziko. Tirigu, ng'ombe, nkhumba ndi batala zinkakwezedwa m'sitima kupita kunja anthu akufa m'misewu, chifukwa zinali za lendi ndi za malonda, ndipo wolephera lendi ankamugwetsera nyumba. Amene tinaona njala ya 2002 kwathu, anthu akudya madeya ndi zitsa za nthochi pomwe chimanga cha m'nkhokwe za dziko chinali chitagulitsidwa, sitifunika mphunzitsi kuti timvetse kuti njala siyamba ndi mvula yokha.

Chimene chinandiimitsa mutu ndi ichi. Boma la Britain, pansi pa nduna yaikulu Robert Peel, linagula chimanga cha mapaundi 100,000 ku America kuti lithandizire anjala, ndipo chinafikira ku Cork kumayambiriro kwa 1846. Anthu sankachidziwa. Zigayo zawo zinali za tirigu, sizinkatha kuchipera bwino chimanga cholimba chija, ndipo ambiri ankachiphika chosapsa n'kudwala m'mimba, mpaka anachipatsa dzina loti sulufule wa Peel chifukwa cha chikasu chake ndi ululu wake. Ndinaima pamenepo ndikuganiza za amayi anga ndi mtondo wawo. Mayi mmodzi wa ku Tsangano akanawaonetsa kukonola, kuviika mphale, kusinja, kuthyakula nsima mpaka ipse. Ife tinalandira mbatata n'kuitcha dzina lawo, iwo analandira chakudya chathu chenicheni pa tsiku la tsoka osadziwa pochigwira. Bambo akanaimva nkhani imeneyi akanandifunsa kawiri kuti ndibwereze, kenako akanakaifotokoza pa bawo. Ndinali nayo mochedwa ndi miyezi itatu.

Ndiye pamene mukundifunsa ngati ndi kudzikonda, achemwali, ndikuyankhani mosapsatira: ayi, ndipo amene anakuphunzitsani kuganiza choncho anakulakwirani. Ndikudziwa kuti ena akwiya nane. Fizi ndi yeniyeni, feteleza ndi weniweni, mankhwala a amayi ndi enieni, ine ndimatumiza mwezi uliwonse ndipo sindidzasiya. Koma mavuto a kumudzi alibe tsiku lotha. Mukamaliza fizi kubwera yunifomu, ikatha yunifomu denga ladontha, likatha denga kwagwa maliro. Mukati mudikire tsiku limene palibe amene akusowa kanthu kuti mukaone nyanja, mudzabwerera kumudzi ndi msana wopindika ndi kunyamula okalamba a eni ake, musakudziwa ngakhale dzina la mtsinje wa m'dziko limene munasiyamo unyamata wanu. Mutu umodzi susenza denga. Tinasandutsa ana athu a kunja kukhala ma ATM, ndipo choipitsitsa n'chakuti ifeyo a kunja tinavomera, mpaka timabisa zithunzi. Ndikudziwa anzanga amene akapita kokayenda saika chithunzi pa Facebook kuopa kuti mawa foni ilira kuti "tikuonatu mukudyerera". Munthu wogwira mashifiti a usiku asanu otsatizana akubisala ngati wakuba chifukwa wadya ayisikilimu m'mbali mwa nyanja. Zimenezi ndi zolakwika, ndipo ndatopa kuzinena monong'ona.

Ndipo sitili oyamba. Atsikana a ku Ireland ankapita okha ku America kukagwira ntchito za m'nyumba za olemera, kuchapa, kuphika, kulera ana a eni ake, ndipo ndalama zimene ankatumiza zinkalipira lendi ya makolo ndi kugula tikiti ya mng'ono wotsatira, iyenso n'kudzagulira wina. Mukakwera phiri kupita ku St Colman's, muziyenda mukudziwa kuti gawo lalikulu la ndalama zomangira tchalitchi chimenechi linachokera kwa matchona a ku America ndi ku Australia. Anayamba kumanga mu 1868, ntchito inatenga zaka pafupifupi 50, ndipo anachipatula mu 1919. Nsanja yake ndi yotalika mamita ngati 90, muli mabelu 49 amene amaimba nyimbo yeniyeni yomveka tauni yonse. Ndinalowa, ndinakhala pa benchi lakumbuyo, ndipo ndinaganiza za manja a wantchito wa m'khitchini ku Boston akupinda dola kuika mu envelopu. Ambiri mwa iwo sanadzachione tchalitchicho ndi maso. Kwathu nakonso kuli nyumba za malata zomangidwa ndi anthu amene sanagonemo.

Agogo anga aamuna anapita ku Joni pa Wenela. Anabwera ndi njinga, bulangeti, sutikesi yachitsulo ndi chifuwa chimene sichinapole. Tili ana tinkawafunsa kuti Johannesburg ndi mzinda wotani, ndipo ankatiuza za komponi, za chikepe chotsikira pansi, za mdima ndi kutentha kwa mu mgodi. Mzinda weniweniwo sankaudziwa. Iwo anali otsekeredwa ndi malamulo a azungu ndi chiphaso. Ineyo panalibe amene ananditsekera, ndinadzimangira ndekha komponi ya mabasi awiri ndi chipinda chimodzi. Inu musatero.

Za Titanic ndinene pang'ono, chifukwa ndi zimene alendo ambiri amabwerera, ndipo mwina ndi zimene zakukopani inunso. Pa 11 April 1912 sitimayo inaima kunja kwa doko lino komaliza isanalowe m'nyanja yaikulu. Anthu 123 anakwerera pano, atatengedwa pa timaboti tiwiri, ndipo sitimayo itamira opulumuka mwa iwo anali 44 okha. Ofesi yakale yogulitsira matikiti ya White Star Line ilipobe, ndi mmene muli chionetsero chake, ndipo polowa amakupatsa tikiti yokhala ndi dzina la mmodzi wa anthu 123 aja, potuluka n'kukaona ngati anapulumuka. Kuseri kwake kuli mitengo yakale ya pokwerera, imene anthu amaitcha Heartbreak Pier, doko losweka mtima. Lowani ngati ndalama ilipo. Koma kunena zoona zimandipweteka kuona gulu likutsika basi, kujambula za Titanic, kugula kapu, n'kubwerera, ngati kuti anthu 2.5 miliyoni aja ndi nkhani yapambali. Ambiri mwa 123 aja anali a kalasi yachitatu, ana a alimi opita kukasaka ntchito. Anali matchona ngati ena onse, kungoti sitima yawo inatchuka.

Malo amene anandikhudza kwambiri alendo sapitako kawirikawiri. Pa 7 May 1915, nkhondo yoyamba ya dziko lonse ili mkati, sitima yankhondo ya Germany yoyenda pansi pa madzi inaphulitsa sitima ya anthu apaulendo yotchedwa Lusitania kufupi ndi Old Head of Kinsale, kugombe la kumwera kwa Ireland. Inamira m'mphindi 18, ndipo anthu pafupifupi 1,200 anafa. Asodzi ndi amaboti a kuno ndi amene anapita kukavuula amoyo ndi mitembo. Ambiri mwa amene mitembo yawo inapezeka anaikidwa m'manda a Old Church, makilomita ngati awiri kuseri kwa tauni, m'maenje akuluakulu a anthu ambirimbiri, ena osadziwika ngakhale dzina. Ndinayenda wapansi kukafika. Kunalibe munthu, udzu wonyowa, akhwangwala m'mitengo. Tauni inaika m'manda alendo amene sinkawadziwa, abale awo ali kutsidya la nyanja. Kumeneko, pa manda a eni ake, ndi kumene ndinalirira bambo anga mokweza koyamba, kulira kwenikweni kwa kwathu kotchula dzina, kumene m'chipinda cha anthu awiri ku Dublin sikukanatheka. Ndinawauza zonse, za chiwawu, za chimanga cha Peel, za minda yobiriwira yogawidwa ndi mipanda ya zitsamba imene ndinaiona pawindo la sitima, yodzaza ng'ombe kuposa mbatata. Ndinawauzanso kuti madzi ndawalawa, ndi amcheredi.

Cork mwini wake

Ndatsala pang'ono kuiwala kuti munafunsanso za mzindawo. Dzina lake limachokera ku liwu la chinenero chawo lotanthauza dambo, ndipo ndi damboladi: pakati pa mzinda ndi chilumba chozingidwa ndi nthambi ziwiri za mtsinje wa Lee, moti ukawoloka mlatho umapezanso madzi ena kutsogolo. Msewu waukulu, St Patrick's Street, ndi wokhota chifukwa anaumanga pamwamba pa ngalande ya mtsinje imene kale maboti ankadutsamo. Mzindawu unayamba ndi amonke a St Finbarr zaka zoposa 1,300 zapitazo, kenako kunabwera ma Viking, amalinyero ochokera kumpoto kwa Ulaya, ndi malonda awo.

Pitani ku English Market muli ndi njala. Msikawu unayamba mu 1788 ndipo ndi msika weniweni wa anthu, wa nsomba, nyama, buledi ndi tchizi. Kumeneko mtima wanga unakhala pansi, chifukwa ndinapeza chifu cha ng'ombe chitayalidwa poyera, mapazi a nkhumba amene amawatcha crubeens, ndi drisheen, imene ndi magazi ophika ofanana ndi uwende. Ichi ndi chakudya cha anthu amene nyama yabwino inkakwera sitima, iwo n'kutsala ndi zamkati. Amagulitsa monyadira, ndipo mayi wogulitsa atandiona ndikuyang'anitsitsa anandifunsa mmene timaphikira kwathu. Tinacheza mpaka kasitomala wina anafika. Anthu a ku Cork amayankhula mothamanga, mawu akukwera ndi kutsika ngati nyimbo, ndiye musachite manyazi kupempha kuti abwereze.

Mukawoloka mtsinje kukwera chakumpoto mupeza tchalitchi cha St Anne ku Shandon, cha mu 1722, chokhala ndi nsomba yagolide pamwamba pa nsanja. Mawotchi ake anayi nthawi zambiri sagwirizana, ndiye eni mzinda amaitcha nsanjayo wabodza wa nkhope zinayi. Alendo amaloledwa kuliza okha mabelu, kenako kukwera masitepe 132 opanikiza mpaka pamwamba, pamene mzinda wonse umaoneka. Pafupi pomwepo ndi pamene panali msika wa batala umene unkatumiza katundu mpaka ku West Indies.

Ndipo mukamayenda mu St Patrick's Street n'kuona kuti nyumba zambiri si zakale kwambiri, chifukwa chake ndi moto. Usiku wa pa 11 December 1920 asilikali a Britain anatentha pakati pa mzindawu, pamodzi ndi holo ya mzinda ndi laibulale. Chaka chomwecho Cork inali itataya mameya awiri: Tomás Mac Curtain anawomberedwa m'nyumba mwake mu March, ndipo amene anamulowa m'malo, Terence MacSwiney, anafera m'ndende ya Brixton ku London mu October atanyanyala chakudya masiku 74. Ife amene tinaphunzira za John Chilembwe ndi za 1959 timaiwala kuti mbendera yomweyo imene inkatilamulira inayambira kulamulira anthu awa, oyandikana nayo nyumba.

Kayendedwe

Sitima ya ku Cork imanyamukira pa siteshoni ya Heuston ku Dublin, ulendo wa maola awiri ndi theka. Gulani tikiti pa intaneti masiku angapo zisanachitike, imatsika mtengo. Basi imatenga maola atatu kapena kuposera pang'ono koma ndi yotchipa. Leap Card yanu ya ku Dublin, khadi lolipirira ulendo lija, imagwira ntchito pa kasitima ka ku Cobh ndi m'mabasi a mu Cork. Gonani ku Cork mausiku awiri, hositelo kapena B&B, ndipo pakati pa sabata mitengo imakhala yofewa kuposa Loweruka. Tsiku loyamba mzinda, lachiwiri lonse Cobh, lachitatu kubwerera mosathamanga. Ngati nyengo ili bwino pali boti lopita ku Spike Island, chilumba cha pakati pa doko chimene chinali linga la asilikali kenako ndende mpaka 2004, koma malo amafunika kusungitsiratu. Owerenga a ku UK, chitupa cha Malawi chimafuna viza ya Ireland payokha, ya UK siikulowetsani.

Chiboliboli, tchalitchi, manda, msika ndi nyumba zokongola za ku West View zimene amazitcha Deck of Cards, zonsezi n'zaulere. Tengani jekete ya mvula ngakhale kutacha ndi dzuwa, nsapato zafulati chifukwa misewu ya ku Cobh ndi chikweza chokhachokha, ndi kamba wanu wa masana. Mayuro 200 akwana mukasamala pogona.

Za fizi, tumizani zimene munalonjeza mwezi uno, musachotsepo kanthu, ndipo musawonjezerepo za ulendowu. Mng'ono wanuyo muuzeni kuti mukupita, musamubisire. Mukafika pa chiboliboli cha Annie Moore muimbireni pa vidiyo, mumuonetse mnyamata wolozayo ndi mchemwali wake woyang'ana kumbuyo, kenako mutembenuze foni aone madzi. Ngati amayi ali pafupi, awapatse foniyo. Ndipo mukabwerako mundilembere, mundiuze zimene anakufunsani.